Mbale ya Makutu

Nangozo adainyamula ndi manja awiri n'kuilozetsa kukhomo, ndipo dzuwa lidadutsa m'timabowo take n'kugwera pachifuwa pawo ngati mikanda. Adakhala choncho osaphethira. Aida, mwana wawo wamkulu, yemwe ankapinda zovala za malemu pamphasa, adaima bulauzi ili m'manja.

"Amayi, n'chiyani chimenecho?"

"Mbale yake," adayankha Nangozo. "Adaibowoleratu yekha."

Kunena zoona sidali mbale yodyera. Chidali chitsulo choyera, cholemera, kutalika kwake ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, chotukuka pakati ngati msana wa kamba, chosalala moti munthu ukadadzionerapo mano. Adachipeza pansi penipeni pa chikwama cha Eliness, mwana wawo womwalirayo, chitakulungidwa m'chitenje chatsopano. Pamsana pakepo padali mzere wa timabowo tonga tobaya ndi singano. Wina aliyense akadangoti n'chitsulo cha kuntchito. Koma kwa mayi amene waika mwana wake m'manda dzana, chiwiya chobowoka chili ndi tanthauzo limodzi basi. Ku Biriwiri, ngakhale abusa amaletsa mpaka kusasa mawu, akuluakulu amatengabe mbale kapena kapu imene malemu ankaikonda, n'kuibowola ndi msomali kuti isagwirenso ntchito kwa amoyo, n'kukaisiya pamtumbira. Amabowola ndi otsala. Mwini wake sadzibowolera yekha.

Eliness adabwera kuchokera ku Joni m'nyengo yozizira, kudzapuma. Adafika akuseka, adadya mbatata yootcha ngati mwana wa sukulu, adathandiza kukumba kachewere kumunda wa kumtunda akudandaula pang'ono za mwendo. Lachisanu m'mawa adagwa pakhomo la khitchini, ndipo mmene galimoto inkafika kuchipatala kuboma n'kuti atapita kale. Adokotala adati magazi adaundana m'mwendo chifukwa chokhalitsa pabasi, kenaka n'kukatseka m'mapapo. Nangozo adazilandira zimenezo monga anthu amalandirira mphenzi: yagwa, yagwa, mwini wake ndi Chauta. Koma tsopano timabowo tija tidawauza nkhani ina. Ndiye kuti mwanayo ankadziwa. Ndiye kuti sabata yonse ija ankaseka nawo, kudya nawo, kuwaluka tsitsi, mumtima atatsanzika kale, osawauza amake. Zimenezi zidawapweteka kuposa imfa imene.

Aida adayesa kunena kuti mwina n'zakuntchito, koma mawu ake adalibe miyendo, popeza ntchito ya mng'ono wake ngakhale iye sankaidziwa. Pamaliro, mkulu wa mpingo amene adawerenga mbiri ya malemu adati Eliness ankakonza ndege. Mmene anthu ankabwerako kumanda n'kuti akuti ankaziyendetsa, ndipo madzulo ake wina adalumbira kuti adamuonapo akudutsa pamwamba pa phiri. Eliness adayesapo kufotokoza chaka china, koma Aida, amene amagulitsa kachewere ndi kabichi mumsewu, adamudula kuti chinthu chosayezeka m'ndowa iye sachimva. Onse adaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ankangodziwa kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo wawoyo akukulira ku yunivesite ina ya ku Joni.

Nangozo adatuluka ndi chitsulocho kupita pakhonde pomwe padakhala amuna awo, a Gracian Ndau. A Ndau adagwirapo ntchito kumigodi ali mnyamata, ndipo adabwerako ndi njinga, jasi lalitali ndi khutu limodzi. La kumanzere lidatsalira pansi pa nthaka. Chiyambireni maliro anthu ankabwera n'kukhala mbali iliyonse imene papezeka malo, n'kumanong'ona mawu achipepeso, iwo n'kumangogwedeza mutu kuti zikomo, zikomo. Mayi wina wa ku Kasinje adawafunsa kumene kuli chimbudzi, naye adalandira zikomo. Palibe adaseka, koma palibenso adakumbukira kuzungulira. Amene ankazungulira adali Eliness yekha. Kuyambira ali kamwana, akafuna kuyankhula ndi bambo ake ankayamba wayenda kuseri kwawo n'kukaima kudzanja lamanja, kenaka n'kuyankhula motsitsa ngati akuyankhula ndi munthu wa makutu awiri.

Nangozo adaima pomwe adaimapo, monga adachitira zaka zonse za ukwati wawo, n'kukweza mawu. Adati mwana adasiya mbale yake yobowola, ndipo Loweruka m'mawa, kumeta kukatha, akaisiya kumanda. A Ndau adayang'ana chitsulocho, adayang'ana nkhope ya akazi awo, n'kuvomera. Mwina adamva theka la nkhaniyo. Koma nkhope ija idali yosati n'kuikanira.

Lachinayi masana kudafika mlendo pa njinga ya kabaza, fumbi lili mbuu kumapazi. Adayambira kumsewu kulira, kulira kwenikweni kwa munthu wakwathu, kotchula dzina, moti amayi amene adatsala pasiwa adamulandira asanadziwe kuti ndi ndani. Adali Tisunge, mwana wa ku Bwanje, amene ankaphunzira ndi Eliness ndi kugona naye chipinda chimodzi ku Joni. Uthenga udamupeza mochedwa, mabasi nawo adamuchedwetsa m'malire. Adamuperekeza kumanda, adagwada nthawi yaitali, ndipo pobwera Nangozo adamugwira dzanja osalitaya. Madzulo adampatsa bulangeti la Eliness kuti afunde.

Mtsikanayo adali waulemu ndi wa manja opepuka. M'mawa adadzuka n'kusesa, n'kutsuka ziwiya osauzidwa. Koma Aida, amene maso ake adazolowera kuona kasitomala amene akufuna kugula ndi amene akungofunsa mtengo, adaona china. Nthawi iliyonse Tisunge akalowa pabalaza, maso ake ankakwera pamwamba pa kabati pomwe padaikidwa chitsulo chija m'chitenje chake, kenaka n'kutsika msanga ngati apsa.

Aida adamufunsa za chitsulocho ali pamjigo, awiriwiri. Tisunge adasiya kupopa, madzi n'kuduka. Adati sadabwerere chitsulocho, Mulungu ndi mboni, koma sanganamenso kuti sakuchifuna. Adafotokoza kuti mbalezo zidalipo zitatu: yafulati, yolowa m'kati ngati lichero, ndi yotukukayi. Ziwiri Eliness adaziyesa kale. Yachitatuyi ndiyo idatsala, ndipo popanda iyo ziwiri zija zili ngati mafuwa awiri. Makina oyesera anthu ambiri amachita kulandirana, ndipo mpata wa Eliness uyamba sabata yamawa. Mbale ikapanda kufika, mpatawo upita kwa ena. Kupanga ina kumatenga miyezi yambiri, ndipo akuluakulu a sukulu adanena kale kuti sangayambirenso. Ntchito ya zaka zinayi ithera m'kabati, dzina la Eliness osalembedwa paliponse.

Aida adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adasenza ndowa yake.

"Dothi la pamanda silinaume, inu mwabwera kudzatenga zitsulo," adatero. "Dzina lake lalembedwa pamtanda. Ife latikwanira."

Adanyamuka osacheuka. Mumtima ankadziwa kuti wanena moposa, koma mkwiyo udali wokoma kuposa chisoni, ndipo masiku onsewa adali asanapeze munthu womukwiyira. Atafika kunyumba adauza amake zonse. Nangozo adangokwera pampando, n'kutsitsa chitsulocho, n'kukachiika kuchipinda kwawo kumitu. Madzulo adampatsa mlendoyo chakudya monga mwa nthawi zonse, koma dzanja sadamugwirenso.

Loweruka kudacha ndi nkhungu, mphepo ya ku Biriwiri ikubaya m'mafupa. Mwambo wa kumeta udatha m'mawa ndithu, anthu n'kuyamba kubalalika. Basi ya ku Joni inkadutsa masana, ndipo chikwama cha Tisunge chidali kale pakhonde. Nangozo adatuluka m'nyumba atamanga duku lakuda, chitsulo chili m'khwapa, Aida akuwatsatira. Njira ya kumanda imadutsa pakhola, ndipo pamenepo adapeza a Ndau akumanga ng'ombe pagoli, popeza kachewere wokumba uja adali akuyamba kuola kumunda ndipo maliro sadyetsa ng'ombe.

Tisunge adathamanga n'kukagwada patsogolo pa a Ndau, pamatope a pakhola pomwepo. Adayamba kuyankhula, koma a Ndau adangoona milomo ikugwedezeka.

"Zungulirani mbali iyi, mayi," adatero akuloza kumanja. "Uku kudafa kalekale."

Mtsikanayo adawayang'ana kanthawi, kukamwa kuli yasa, ngati munthu amene wapeza chinthu chimene sankachifuna. Kenaka adadzuka, adazungulira, n'kugwadanso. Adati sakupempha mbale. Akupempha kuti asanaisiye kumanda, amve kuti ndi ya chiyani, popeza Eliness adaitenga kuti adzaonetse iwowo, bambo ake. Makina adali akukonzedwa, mbale ili chikhalire, ndiye adapempha chilolezo choitenga. Ankadikira Lamulungu, ntchito ya kachewere ikatha, kuti akhale pansi bwinobwino.

A Ndau adasiya chingwe. Nangozo, amene adali atapitirira kale, adaima chafufumimba pafupi ndi mpanda, osatembenuka.

Tisunge adapempha chikwapu chimene chidali pangolo, n'kufunsa a Ndau ngati akudziwa chimene chimalira akakwapula m'mwamba, poti sichimenya kanthu. Iwo adati chimalira n'chikwapu, nanga n'chiyaninso. Adawauza kuti kansonga kake kamathamanga kuposa mawu. Chinthu chikamayenda pang'onopang'ono, mpweya wa kutsogolo umamva kuti kukubwera mlendo, n'kupatuka. Koma chikathamanga kuposa mawu, uthengawo sufika. Mpweya umadzidzimuka, umaunjikana pamodzi n'kukhala ngati kakhoma kopyapyala, ndipo kakhomako ndi kamene kamamenya khutu n'kuti thwa! Ndege zothamanga kwambiri zimayenda ndi kakhoma koteroko pamapiko pake ulendo wonse.

"Ndiye vuto lili pati?" adafunsa a Ndau. "Ndege si ng'ombe kuti ingaope chikwapu."

Tisunge adamwetulira koyamba chifikireni. Adatunga madzi m'chidebe cha ng'ombe ndi chikho, adatembenuza mphika wakale umene udali pamenepo, n'kuthira pang'onopang'ono pamsana pake. Madzi sadagwere pansi molunjika. Adakakamira mphikawo, n'kutsata kukhota kwake mpaka m'munsi. Adati mpweya nawo umatero: pali kampweya kopyapyala kamene kamamatira pachitsulo cha phiko n'kumayenda nacho ngati thukuta pakhungu. Kampweyako kakakhala phee, ndege imayenda bwino. Kenaka adaika chala mwadzidzidzi pakati pa madzi aja, ndipo adamatuka pamphika, n'kuthovokera uku ndi uku. Adati kakhoma kaja kakamenya kampweya komamatirako, kamamatuka chonchi, n'kuyamba kuzungulirazungulira. Phiko limanjenjemera, limatentha, injini imatsamwa. Zimenezi anthu adaziyesa kwambiri pazitsulo zafulati. Koma ndege ilibe malo ambiri afulati, paliponse m'pokhota. Funso la Eliness lidali limeneli: chitsulo chikakhota, kampweya kaja kamagwiritsa kapena kamataya msanga? Kamamatuka malo aakulu kapena aang'ono? Ankaika mbale m'chipaipi chachikulu, n'kuuziramo mphepo yothamanga kuposa mawu, n'kumaona.

A Ndau adakhala m'mphepete mwa ngolo. Ng'ombe zinkangobzikula. Kenaka adayamba nkhani imene aliyense pakhomopo adaimva mpaka kutopa nayo. Tsiku limene khutu lawo lidafa, anthu ankaphulitsa miyala kutsogolo, iwo atabisala kuseri, pamene njira ya mumgodi imakhota. Adali kutali, malo amene ankayesa abwino. Koma mphepo ija idabwera, idatsata khoma, idakhota nalo, n'kudzawamenya mbama imodzi yokha. Atabwera kumudzi anthu ankawaseka pamowa kuti mphepo ilibe maso, ingakhote bwanji kufunafuna Ndau. Akazi awo omwe ankati mwina adangoima pafupi. Amene sankaseka adali Eliness. Ankakhala kumanja kwawo n'kumafunsa: khomalo lidali lokhota bwanji, ababa, ngati uta kapena ngati chigongono? Mudali mbali ya m'kati kapena ya kunja?

Tisunge adati nkhaniyo akuidziwa, ndipo aliyense kuntchito kwawo akuidziwa. Adanenanso mosabisa kuti za mumgodi ndi za phiko la ndege si chinthu chimodzi ndendende, ndipo mbaleyi siyingawauze chimene chidachitika tsiku lija. Koma funso lidachokera kumeneko. Eliness ankati anthu adaseka bambo ake chifukwa cha khoma lokhota, ndiye iye adzakhala pa khoma lokhota mpaka limuyankhe.

A Ndau adapukuta kumaso ndi chipewa. Aida adayang'ana kumbali. Ndipo pamenepo Nangozo adatembenuka, adabwerera pang'onopang'ono, n'kumasula chitenje. Adaloza timabowo tija ndi chala.

"Zonsezo ndamva. Koma ndiuzeni chimodzi, mwana wanga, ndipo musandinamize poti ndine mayi. Adabowoleranji? Ankadziwa?"

Tisunge sadamve msanga. Adayang'ana Aida, ndipo Aida, mkwiyo wake utamuthawa, adafotokoza motsitsa za mbale za pamanda. Mtsikanayo adagwira pakamwa. Kwawo ku Bwanje mwambowo adauonapo ali mwana, koma sadaganize n'komwe kuti masiku onsewa mayiyu akugona ndi ganizo loterolo mumtima.

"Ayi, amayi. Ayi. Amenewa ndi makutu."

Adatembenuza mbaleyo n'kuwaonetsa kunsi kwake, kumene bowo lililonse lidali ndi kachitsulo kotulukira ngati kaphesi ka udzu. Adati pamenepo amalumikizapo timapaipi, ndipo bowo lililonse limamva mmene mpweya ukukanikizira pamalo pakepo. Pamene kampweya kamatuka, makutuwo amanena. Eliness adabowola chaka chatha, iye Tisunge ali pomwepo, mothandizidwa ndi mmisiri wa pasukulupo. Zobowolera zake n'zopyapyala ngati tsitsi, ndipo Eliness adathyola zingapo, n'kumakalipa m'Chichewa mawu amene sangabwerezedwe pamaso pa akuluakulu, mmisiri uja n'kumavomera kuti inde, inde, osamva kanthu.

Nangozo adali chiyang'anire. Mtima wa mayi sukhuta ndi mawu amodzi.

Tisunge adaganiza pang'ono. Adati mpata wa sabata yamawawu Eliness adachita kuulimbirana, mpaka osayankhulana ndi mnzawo wina mwezi wathunthu. Tikiti yobwerera adagula kale. Ndipo pazenera la chipinda chawo pali tsabola m'chitini, wa mbewu imene adatenga pakhomo pano.

"Pokwera basi adandiuza kuti ndikamuumitsa tsabolayo tidzayambana mpaka Khirisimasi. Munthu wodziwa kuti akupita saopseza mnzake chifukwa cha tsabola, amayi."

Nangozo adaseka. Kudali kuseka kwachilendo, kotuluka ngati chikhosomo, ndipo kusanathe kudasanduka kulira. Adakhala pansi pamatope pomwepo, mbale ili pamiyendo, n'kulira mmene sadalirire ngakhale tsiku loika. Kudali kulira kwa munthu amene wamubwezera mwana wake kuti amulire bwino. Eliness sadawabisire kanthu. Adamwalira akuganiza za tsabola, za basi, za Lamulungu. Aida adagwada n'kuwagwira mapewa, naye akulira, ndipo palibe adawatonthoza popeza kulira kumeneko kudali mankhwala.

A Ndau adatenga mbaleyo m'manja mwa akazi awo. Adayendetsa chala chawo chokhakhala pamsana pake, kuchokera pamene yayambira kutukuka mpaka pamene yatsikira, n'kumaima pabowo lililonse. Adafunsa kuti mphepo imachokera mbali iti, Tisunge adawalozera. Adafunsa kuti kakhoma kaja kamamenya pati, adawalozeranso. Adagwedeza mutu ngati munthu amene akuyendera munda wa mwana wake n'kupeza mizere yowongoka. Kenaka adaibwezera pamiyendo pa Nangozo.

"Nangozo, mwana ndi wanu, mbale ndi yanu," adatero. "Ine ndingoti chinthu cha makutu chisanamve chimene adachituma, kuchiika kumanda n'kuchilakwira. Khutu limodzi lokwiririka pansi latikwana pakhomo pano."

Nangozo adapukuta misozi ndi nsonga ya duku. Adati nanga pamanda pakhala chiyani, mwana wawo agone ngati mlendo wopanda kwawo? Pamenepo Aida adadzuka n'kulowa kukhitchini. Adabwera ndi kapu yachitsulo yobiriwira, yosupuka m'mlomo, imene Eliness ankamwera tiyi kuyambira ali ku pulayimale, ndipo akabwera kutchuthi ankaifunafuna ngakhale m'kabati mudali makapu adothi amene adagula yekha. Nangozo adaitenga, adaiyang'ana m'kati. Adapempha msomali ndi mwala. A Ndau adafuna kuwathandiza, koma adakana. Adaivundikira pansi, adaika msomali pakati, n'kumenya okha mpaka udalowa.

Mbale ija adaipukuta ndi mpango wawo pomwe padagwera misozi, popeza Tisunge adati mchere umadya chitsulo. Adaikulunga m'chitenje chake chija, n'kumanga mfundo ziwiri, n'kuwonjezeranso china chawo chakale kuti isagundike m'basi. Popereka sadanene zambiri. Adati ikamva zimene ikamve, wina adzabwere adzawauze m'Chichewa, osati kungolemba m'mabuku a azungu. Tisunge adalandira ndi manja awiri atagwada, n'kulonjeza kuti adzabwera yekha. Aida adathira kachewere m'kathumba n'kukamuikira pachikwama, ndipo kumeneko kudali kupepesa kwake.

Adayamba apita kumanda onse anayi, n'kusiya kapu ija kumutu kwa mtumbira, pakati pa nkhata zofota. Kenaka adamuperekeza mlendo kumsewu pa ngolo, popeza nthawi idali itatha. Nkhungu idali itayera, mapiri a ku Mozambiki akuoneka tsidya lina la msewu. Amayi anzake a Aida adali atayala kale ndowa zawo, ndipo adaimirira mwaulemu poona banja la ofedwa.

Akudikira basi, Tisunge adapita kumanja kwa a Ndau n'kunena kuti pali kanthu kena kamene akufuna kuwauza. Adati ku Joni Eliness adali ndi khalidwe limene onse ankamuseka nalo. Akafuna kunena nawe chinthu chofunika, sankayamba pomwe waimapo. Ankayenda kuseri kwako n'kukaima kudzanja lamanja, ndiye n'kuyankhula motsitsa. Ankatero kwa anzake, kwa mmisiri, ngakhale kwa mphunzitsi wawo wamkulu, bambo wa ndevu zoyera amene mpaka adazolowera kupendeketsa mutu. Onse ankayesa kuti mwina iyeyo ndi amene ali ndi vuto la khutu, ndipo akamufunsa ankangoti ndi mmene amayankhulira kwawo.

"Ndadziwa lero pakhola paja, mutandiuza kuti ndizungulire," adatero.

A Ndau adayang'ana msewu kumene umakhotera kulowera ku Dedza. Nangozo, amene adaima kumanzere ndi Aida, adamva zonse, popeza makutu awo ndi awiri ndipo ndi akuthwa.

Basi idafika, idameza mtsikanayo ndi katundu wake, n'kupita. Adaiyang'ana mpaka idabisika kuseri kwa chitunda. Aida adatsalira pamsewu kuti aone malo ake ogulitsira. Ng'ombe zidayamba kupalasa pansi, koma a Ndau adali chiimire, chikwapu chili lende m'dzanja.

Nangozo adatsegula pakamwa kuti awaitane monga mwa masiku onse, mokweza, pomwe adaimapo. Adatsekanso. Adakonza duku lawo, adayenda kuseri kwa amuna awo, akukhwekhwereza mapazi m'fumbi, n'kukaima kudzanja lamanja.

"A Ndau," adatero motsitsa, "tiyeni kunyumba."

Ndipo a Ndau adamva.